Kalumo ka mlendo kameta ndi nsidze zomwe

Akuluakulu adati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Chimene adaiwala kunena n'chakuti kalumoko kakafika pamutu sikafunsa polekezera. Ku Phalombe, boma lomwe lidapatuka ku Mulanje mu 1998, alendo a malumo afika ambiri, ena osaonetsa n'komwe nkhope.

Wa ku India sadapondeko ku Migowi kapena ku Chiringa, koma ndiye amagamula ngati mlimi akhome malata chaka chino kapena apirire kudontha. Nandolo anali ndiwo wamba za pakhomo, kufikira pomwe mavenda adapachika masikelo pamsika uliwonse. Mu 2017 dziko la India lidachepetsa nandolo wolowa kwawo, mtengo udagwa chagada, ndipo matumba oyembekezera ulendo wa pamadzi adathera mumphika. Ana adadya nandolo masana ndi madzulo popanda wowafunsa maganizo. Mu 2021 mlendo yemweyo adasaina mgwirizano wolola matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi pachaka kwa zaka zisanu, ndipo alimi adabwerera kukakhala pampando wa wometa.

Wa ku China adabweretsa njinga zamoto za kabaza ndi mafoni. Wa ku England adangotumiza mpira, basi anyamata osadziwa mtundu wa agogo awo akutchula osewera a Arsenal mpaka okhala pabenchi.

Komatu Alhomwe a ku Phalombe sangadandaule kwambiri za alendo, poti nawonso adafika ngati alendo. Adachokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, ambiri n'kukagwira thangata m'maesiteti. Lawo lumo linali khasu, kalongonda wofuna nkhuni za tsiku lonse, ndi tchopa.

Tchopayo ndiye wapindula ndi mlendo. Mu 2014 bungwe la UNESCO lidamuika pamndandanda wa miyambo yofunika pa dziko lonse. Gule wa zikopa ndi nthenga, wovinidwa pokolola ndi popereka nsembe kwa mizimu, tsopano ali ndi mbiri yosungidwa ku Paris. Ovina ake amabereka kale kumsana zikwama za ziwiya zakale ndi zidole, ndiye malaya a pakaunjika akasuzumira pansi pa chikopa, ng'oma siidandaula. Mwezi wa Okutobala, pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje, mafoni ojambula amachuluka kuposa ovina.

Pomwe padametedwa mpala ndi pa chilankhulo, ndipo apa mlendo wakunja asanamiziridwe. Chilhomwe chidayamba kuzilala Facebook isanabadwe. Kunyozedwa ndi dzina lachipongwe kudachititsa makolo ambiri kubisa lilime lawo, ndipo chisankho cha mu 1968 chokweza Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko chidamalizitsa ntchito kusukulu ndi pawailesi. Wometa ameneyu anali wa pakhomo pomwepa. Lero munthu amavala nsalu ya Mulhako kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koma gogo akamulonjera m'Chilhomwe amangomwetulira n'kuyang'ana pafoni ngati walandira uthenga.

Adzukulu a kwa Nazombe ndi kwa Nkhulambe, mafoniwo muli nawo kale. Jambulaninso agogo akamalankhula, osati pokhapokha akamavina.