Injini ya Bwato la Mkamwini

Ndalama za fodya zili ndi pakamwa. Zikangochoka ku okushoni ya ku Kanengo n'kulowa kubanki, zimayamba kumunong'oneza mwini wake usiku anthu onse atagona. Anzanga a kuno kwa Kabudula zimawauza zinthu zooneka ndi maso: malata, ngolo ndi ng'ombe zake, njinga yamoto yochitira kabaza pa Nsaru, ena mpaka mitala. Zanga chaka chino zinandiuza kuti ndigule injini ya bwato.

Bwatolo lilipo, musaganize kuti ndayamba fodya wamkulu. Ndi losema pamtengo umodzi, lotalika mamita 4, ndipo ndinaligula kwa mkulu wina amene ankawolotsera anthu nthawi ya dzinja m'dambo lathu lotsikira ku Bua. Ine pano ndine mkamwini. Munda ndi wa mayi akunyumba, dimba ndi la apongozi, nkhokwe ndinaluka ndine koma chimanga chake ndimachita kupempha. Ngakhale mtengo wa mango umene ndinabzala ndi manja angawa, ana anga omwe amautchula kuti wa agogo. Chinthu chokhacho chimene mudzi wonse umavomereza kuti n'changa ndi bwatoli, chifukwa palibe wina akulifuna.

Mvula ikatha dambo limakhala tho ndi madzi, ndipo kumabwera abakha akutchire aja oimba mluzu usiku, pamodzi ndi atsekwe. M'bandakucha amatera m'kamunda ka mpunga ka apongozi. Apongozi aakazi akhala akudandaula chaka ndi chaka. Sayang'ana ine ayi, mwambo saulola. Amangouza mphika uli pamoto kuti m'midzi ina muli amuna. Ine ndikati ndipalase ndi nkhafi, pokafika abakha amakhala atadya, atasamba, atapangana kale za mawa.

Ndiye mnyamata wina wotchaja mafoni pa Nsaru anandionetsa kanema wa azungu a ku Louisiana, ku America, akuliza timaboti taphwatalala m'madambo a kwawo, atavala zamawangamawanga, galu ali tcheru kutsogolo. Ndinadziona ndekha mmenemo. Galu yekhayo ndinamuchotsamo, poti wathu amathawa ngakhale madzi a m'beseni.

Pa za m'madzi banja lathu lili ndi katswiri: alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene amapha usipa ku Senga Bay. Ndinawaimbira.

"Alamu, injini yaikulu kunyanjako ndi iti?"

"Maboti onyamula anthu ndi katundu amamanga ya mahosipawa 40. Ife asodzi ambiri timayendera ya 15 kapena 25. Bwanji, mukuyamba geni yapanyanja?"

"Ayi, ndi ya bwato langa lija."

Kunali zii mpaka ndinayang'ana foni kuti mwina mayunitsi atha.

"Lija munandikweza popita kumaliro, ine n'kumakapa madzi ndi chipewa?"

"Lomwelo."

Alamu anapuma kaye, kenako n'kuyamba kundiphunzitsa pa mayunitsi anga. Anati choyamba injini ndi katundu. Ya 40 imalemera makilogalamu opitirira 70, thanki ili padera, ndiye kuti thumba la feteleza ndi theka lake litalendewera kumchira kwa bwato. Ya 15 imafika pa makilogalamu 36 kapena kupitirira pang'ono, ndipo thanki yake ikadzaza imawonjezera ena pafupifupi 20. Maboti opangidwa kufakitale amabwera ndi kachitsulo kolembedwa mphamvu ya injini imene botilo lingapirire, ndi kulemera kwa anthu ndi katundu amene linganyamule. Anandifunsa ngati langa lili ndi zolemba zilizonse. Ndinayankha kuti pali dzina la mwini wake wakale, analemba ndi msomali.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi nkhani ya liwiro. Ine ndinkadziwa kuti mahosipawa akachuluka kawiri, liwiro nalo limachuluka kawiri, monga masamu a ku pulayimale amanenera. Alamu anati m'madzi sizili choncho. Boti lopepuka la pansi paphwatalala limatha kudzuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo limenelo ndi limene limapindula ndi injini yamphamvu. Koma bwato lolemera ngati langa limayenda mong'amba madzi, ndipo liwiro lake limathera pa kutalika kwake. La mamita 4 likafika pa makilomita 9 kapena 10 pa ola, basi latha nzeru, ndipo ka injini ka mahosipawa 2 kapena 3, konyamulika ndi dzanja limodzi, kamalifikitsa pamenepo. Mphamvu yowonjezera imangokwirira mchira m'madzi, mphuno n'kuloza kumwamba, mafunde n'kumakula, petulo n'kumatha.

"Alamu," anatero, "inu mukufuna kumanga nkhunzi pa wilibala."

Za petulozo anazitchulanso mosandimvera chisoni. Ya 40 ukaitsegula yonse imamwa malita pafupifupi 20 pa ola, ya 15 pafupifupi 7, ndipo poti zambiri za asodzi ndi zosakaniza, pa malita 50 a petulo pamalowa lita imodzi ya oyilo. Ndinakumbuka masiku a mizere ya mafuta aja, pamene wobwera ndi chigubu ankabwezedwa. Ndikanapita ndi bwato paphewa kukaima pakati pa maminibasi? Mtengo wa injiniyo sindiutchula pano chifukwa apongozi amawerengetsa nyuzipepala kwa adzukulu. Ndingoti zinthuzi zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fodya wa mkamwini mmodzi amafunika kupemphereredwa kuti afikepo.

Komabe mahosipawa 2 ndinawakana. Mnzanga woyandikana naye dimba ali ndi injini yopopera madzi ya 5.5, ndipo amaitchula pa bawo tsiku lililonse. Ine ndikalowe m'mudzi wa eni ndi ka injini kochepera pampu ya tomato? Anthu akanati chiyani? Tinakambirana mpaka tinagwirizana pa 15, ine kutsika kuchokera pa 40, alamu kukwera kuchokera pa 2 chifukwa chotopa. Anali ndi ulendo wa ku Lilongwe wokagula zipangizo, ndipo analonjeza kubwera ndi Yamaha yawo yakale kuti ndiyese kaye ndisanataye ndalama.

Atafika anazungulira bwato kawiri n'kufunsa kuti injini tiimanga pati. Apa m'pamene ndinaona kuti bwato losema ndi losongoka uku ndi uku, pamene injini imafuna thabwa loimirira kumbuyo loti igwirepo ndi zomangira zake. Tinaitana kalipentala wa m'mudzi, amene ntchito yake yeniyeni ndi zitseko ndi mabokosi a maliro. Anadula mchira, n'kukhomapo thabwa la bulugama, n'kumata ndi phula. Poyeza thabwalo anandiyezanso ine ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sindinakondwe nako kuyang'ana kumeneko.

Panatulukanso nkhani ya mwendo. Injini zimenezi zimakhala za mwendo waufupi, woyenera thabwa la masentimita 38, ndi za mwendo wautali, wa masentimita 51. Ya alamu ndi yautali, yopangira mafunde a mwera ku Salima. Dambo lathu mu Julaye madzi ake amalekeza m'mawondo, ndipo pansi pake ndi matope amene amameza nsapato osabweza. Alamu anapukusa mutu. Ine ndinati tiyese basi, madzi akudziwa kuti kwabwera alendo.

Mbiri inali itafika kale mpaka ku Nambuma. Ana anathawa kusukulu, amayi anasiya mitondo, a mfumu anabweretseredwa mpando. Nditakhala kumbuyo pafupi ndi injini, mchira unatsika mpaka madzi anatsala zala zitatu kuti alowe, mphuno ili m'mwamba. Alamu anakweza anyamata awiri kutsogolo kuti bwato ligone bwino, n'kuwafunsa kaye ngati amatha kusambira, funso limene ine sanandifunse. Ndinakoka chingwe. Zii. Ndinakokanso mpaka chigongono chinapeza chibwano cha alamu. Kenako inalira.

Abale, injini ija ili ndi mawu. Tisanasunthe n'komwe, dambo lonse linadzuka. Abakha, atsekwe, akakowa, ndi mbalame zina zimene sindinkadziwa kuti timakhala nazo, zonse zinanyamuka n'kuwoloka Bua kulowera ku Kasungu. Anthu anaombera m'manja poganiza kuti cholinga chinali chimenecho.

Tinayenda. Ndinene zoona, tinayenda ndithu, mtunda woti munthu angaponye mwala. Mphepo inandiomba kumaso, ndipo ndinayamba kuganiza za dzina loti ndilembe pambali pa bwato. Kenako pulopela inaluma matope, inakulunga udzu ndi ndere, bwato n'kuima njii, anyamata aja n'kupitiriza ulendo okha m'madzi. Ana a pamtunda anakuwa kuti, "Yasiya kukodza! Yasiya kukodza!" Alamu, munthu wamkulu ndi ulemu wake, anadumphira m'matope ndi thalauza la kutauni n'kuizimitsa.

Ana aja anaona chinthu chenicheni. Injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi omwewo amene ikuyendamo: imawakoka pa timabowo ta kumwendo ndi kagudumu ka labala, kuwazunguliza m'kati, n'kumatulutsa kamtsinje kakang'ono kumbuyo kosonyeza kuti zonse zili bwino. Timabowoto tikatsekeka ndi matope, kamtsinje kamaleka, labala amapsa, ndipo ukachedwa injini yonse imatsatira. Alamu anaimasula, anaisenza mpaka kumtunda, anaitsuka ndi madzi a pamjigo akuilankhula motsitsa mawu. Mlongo wanga sindinamvepo akulankhulidwa mokoma choncho.

A mfumu anandikodola.

"Akamwini, tingoti mwawapeza abakhawo. Mukanawapha ndi chiyani?"

Ndinatulutsa legeni m'thumba. Panali kuseka kwina kumene sindidzakuiwala, koma a mfumu anati legeniyo yandipulumutsa. Mfuti imafuna chiphaso cha kupolisi, kusaka nyama ndi mbalame zakutchire kuli ndi chilolezo chake ku nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo chisinthireni lamulo mu 2017 zilango zake si zoseweretsa. Anati iwo alibe nthawi yoperekeza mkamwini kukhoti pa mlandu wa bakha.

Aphunzitsi a sitandade 7, amene anabwera kudzatenga ana awo koma n'kukhala nawo pachionetsero, anathirapo ndemanga. Anati ngati ndikufuna kuona alenje enieni a mbalame ndipite ku nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar mu 1996. Kumeneko mbalame ndi ndiwo komanso ndalama, makamaka nsomba zikasowa nyanja ikaphwa. Alenje ake amalowa m'mabango ndi bwato lokankha ndi mtengo, mwakachetechete, amatchera misampha, ndipo ali ndi magulu awo osunga malo amene mbalame zimaswana. Anawonjezera kuti ngakhale ku America kwanga kuja lamulo limaletsa kuwombera bakha injini ikulira kapena boti likadayenda ndi mphamvu yake. Injini ndi yongowafikitsa kutali. Akafika amazimitsa, n'kubisala m'udzu maola ambiri akunjenjemera ndi chisanu. Mbali imeneyo mnyamata wa pa Nsaru sanandionetse. Ndipo kutali kwanga ine, kuchokera padooko kufika pa mpunga wa apongozi, munthu akakuwa mnzake amayankha.

Abakha anakhala masiku angapo osabwera, ndipo ndinayesa kutolerapo ulemu. Apongozi anauza mphika kuti phokoso lotere adzukulu amalipanga ndi zitini, osamwa petulo.

Ndalama zija mayi akunyumba anazigwira ndisanapume. Anapita okha kutauni n'kubwera ndi pampu yothirira dimba ya mahosipawa 6.5, kuposa ya mnzanga uja ndi imodzi yathunthu, ndipo pa bawo ndimaitchula ngati ndinasankha ndine. Bwato latsala mamita atatu ndi theka, ndipo pa thabwa la bulugama pamalowa madzi mwaulemu, pang'onopang'ono.

Nkhani ikanathera pomwepo aphunzitsi aja akanakhala chete. Sabata yatha anandionetsa maboti a ku Thailand. Kumeneko amatenga injini wamba, n'kuilumikiza ku chitsulo chachitali chokhala ndi pulopela kumapeto, chimene chimagona chopendekera kumbuyo kwa boti n'kumangokanda pamwamba pa madzi. Udzu ukakola, umangotukula chitsulocho n'kuchotsa. Zing'onozing'ono zake zimazizira ndi mphepo, choncho matope alibe bowo loti atseke. Azungu osaka abakha m'madambo osaya nawonso ali ndi zotere. Injini yozizira ndi mphepo, ya mahosipawa 6.5, yopepuka bwino. Ndinayang'ana chithunzicho, ndinayang'ana kudimba.

Wowotcherera zitsulo pa Nsaru wati ntchitoyo ndi ya tsiku limodzi, bola ndipeze paipi yowongoka. Sindikudziwa amene anakaulula, koma pofika kunyumba ndinapeza mayi akunyumba atamasula pulagi ya pampu n'kuimanga pa mfundo ya chitenje, pamene amasungapo ndalama za kuchigayo. Amaibwezera okha m'mawa pothirira, n'kuichotsanso dzuwa likapendeka.

"Bambo a ana, mukafuna abakha nenani, ndikakugulireni awiri pamsika muziwathamangitsa pabwalo pano."

Dzulo ndinakafunsa mtengo wa pulagi ina kusitolo ya zipangizo za njinga zamoto. Wogulitsayo ndi msuweni wa mayi akunyumba. Mapulagi anali m'bokosi kumbuyo kwake, ndikuwaona ndi maso angawa, koma anati zatha, ndipo sizibweranso chaka chino.