Kodi Nsomba Zimenezi Anazimaliza Ndani?

Ndingofunsa nawo, poti ine za miyala sindinaphunzire. Akuti kalekale kunali banja la nsomba za m'madzi opanda mchere lotchedwa Redfieldiidae, ndipo linatha lonse psiti, osatsala ndi mdzukulu yemwe. Banja limatha bwanji chonchi? Kuno kwa Mbenje, ngakhale mudzi ubalalike ndi madzi osefukira, pamapezekabe wina ku Bangula kapena ku Blantyre wonena kuti ife ndife a uje.

Akuti zinali nsomba zing'onozing'ono za mamba olimba ndi onyezimira, zipsepse zake za timinga monga zilili za makakana ndi mcheni. Zinkasambira zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo, m'nyengo imene ophunzira amaitcha Triassic. Apa mpamene mutu wanga waima. Alangizi a za usodzi amatiuza kuti chomaliza nsomba m'dambo la Elephant Marsh ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono ndiponso neti ya udzudzu, ndipo sindikuwatsutsa. Koma nthawi imeneyo kunalibe munthu, kunalibe bwato, ngakhale mono. Anazivuula ndani? Tikanapeza womuloza chala bwenzi mtima uli pansi.

China nachi. Zotsalira za nsomba zakalezi zapezeka m'miyala ku South Africa, ku Morocco, ku Australia ndi ku United States, ndipo m'bale wake wina, Ischnolepis, anamufukula kwa anansi athu ku Zambia. Nsomba ya mumtsinje inawoloka bwanji nyanja zamchere zonsezo, pamene mcheni wathu, mano ake onse aja, amalephera kukwera mathithi a Kapichira? Yankho la ophunzira aja ndi loti sinawoloke ayi. Maiko onsewa anali mtunda umodzi wotchedwa Pangaea, umene pambuyo pake unang'ambika, zidutswa zake n'kumatalikirana pang'onopang'ono. Shire yemweyu kunalibe. Ndiye kuti nthaka imayenda? Nanga amfumu akamaweruza mlandu wa malire a dimba, zimenezi amazidziwa?

Kenaka pali kasungikidwe kake. Kutentha kwa ku Nsanje kuno, mlamba ukagona usiku umodzi osauwamba, m'mawa ndi wa ntchentche. Koma nsomba yakaleyi akuti inafa, matope n'kuikwirira msanga isanaole, matope ena n'kusanjikana pamwamba mpaka onse kuuma n'kusanduka mwala, mamba ali m'malo mwake. Popanda mchere, popanda utsi?

Miyala ya mtundu umenewu, imene amaitcha Karoo, iliponso m'chigwa chathu chino, cha ku Mwabvi ndi kumadzulo kwa Chikwawa, komwe kulinso malasha pansi. Ku Karonga anafukula mafupa a chinyama chotchedwa Malawisaurus, n'kuimika chifaniziro chake m'nyumba yosungiramo zakale kuti anthu azikachiona. Tsono tiyerekeze ndikuswa mwala wa maziko a nyumba, n'kupeza nsomba ili gone m'katimo. Ndikanene kuti, kwa a za usodzi kapena kwa a za migodi?