Ulemu Upite kwa Asodzi a ku Kawale

Dziko lino limadziwa kuyamika anthu. Osewera mpira amalandira zikho, oyimba amalandira mphoto, ngakhale mlimi wokolola chimanga chambiri amajambulidwa n'kuoneka pa kanema. Koma pali ngwazi zina zimene mtundu wonse waziiwala: abambo a m'malokeshoni a Lilongwe amene chaka ndi chaka amasonkherana ndalama, n'kuchita hayala minibasi ndi boti, ulendo wokawedza nsomba ku Likoma. Lero tiyeni tiimirire, tiombe m'manja mwaulemu.

Yambani mwalingalira kulimba mtima kwawo. Awa ndi anthu a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Area 23. Madzi aakulu amene amawadziwa ndi mtsinje wa Lilongwe, wa Lingadzi, ngalande za ku Mgona mvula ikagwa, ndi mpopi wa panyumba umene masiku ena umangotulutsa mphepo. Munthu wamba akanasankha Senga Bay, pafupi pomwepa, kupita m'mawa n'kubwera madzulo. Iwowa ayi. Amafuna Likoma ndi Chizumulu, zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, kumene ukayang'ana kum'mawa umaona mapiri a eni ake. Wina akafunsa kuti bwanji osangopita ku Mbenji, m'boma la Salima, kumenenso nsomba n'zambiri, mlembi amakumbutsa msonkhano kuti malamulo a mfumu Makanjira salola mowa kapena njuga pa chilumbacho. Nkhani ya Mbenji imathera pomwepo, popanda wotsutsa.

Atamandike makonzedwe a ulendowu. Umayamba ndi gulu la pa WhatsApp, ndipo tsiku lisanathe pamakhala wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mkulu woona za mwambo. Woona za mbedza sasankhidwa. Mu bajeti muli mowa, makala, mbuzi yootcha, sipika, ndi malaya ofanana ojambulidwa chambo kumsana. Ganizirani chikhulupiriro chimenechi: anthu akupita kukagwira nsomba, ndiwo yapaulendo atenga mbuzi. Mbedza zimakumbukiridwa pa Nkhotakota, ndipo nyambo zimakumbukiridwa boti litachoka kale padoko. Pa anthu onse olembetsa, ena amafooka chifukwa cha fizi ya ana, ena chifukwa cha maliro a kumudzi ochitika nthawi yosonkha yokhayokha. Koma alamu a wapampando sasowa. Iwo salipira, amangoti, "Akulu, tikangofika ndikuponyerani pa Mpamba," ndipo ndi amene amakhala mpando wakutsogolo.

Njira yake ndi yaitali: kutsetsereka ku Salima, kukhotera kumpoto m'mbali mwa nyanja, kudutsa Nkhotakota ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay. Kumeneko kumaima Ilala, sitima imene inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Gogo ameneyu amayenda tsiku lake, ndipo sadziwa zoti wina ali ndi ntchito Lolemba ku Kanengo. Choncho ngwazi zathu zimapangana ndi mwini boti la injini, zimanenerera mtengo mwaukatswiri, n'kulipira kuposa umene anatchula poyamba chifukwa mafuta akwera.

Nzeru zawo zimaonekeranso posankha tsiku. Amakonda holide ya pa 6 Julaye, pakati penipeni pa nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene asodzi obadwira kunyanja akaiona amakokera mabwato awo pamchenga n'kukhala pansi kusoka maukonde. Koma walira mvula walira matope. Ola loyamba kumakhala nyimbo ndi kujambulana. Ola lachiwiri sipika imazimitsidwa. Ola lachitatu wapampando, bambo amene kwawo akatsokomola ana amathawira kuchipinda, amakhala atagwira m'mphepete mwa boti, akubwezera kunyanja mbuzi yonse ya dzulo. Pa ulendo wonse, nyambo yokhayo imene nsomba zimalandira mokwanira ndi imeneyi. Woyendetsa boti, mnyamata wosavala nsapato, amangoti, "Madala, musayang'ane madzi, yang'anani kutsogolo. Lero nyanja yagona." Apa ndi pamene amuna amene analowa m'tchalitchi komaliza pa ukwati wawo amakumbukira mapemphero a ubwana. Amishoni a Anglican anaona patali pomanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Chipyela ku Likoma, chimene ntchito yake inayamba mu 1903. Alendo ena amapitako kukaona kukula kwa nyumbayo. A ku Kawale amalowamo akunjenjemera miyendo, ali olapa zenizeni.

Eni nyanja amagwira nsomba usiku. Siginala amatsogola pa bwato lake ndi nyali zowala, usipa ndi utaka zimasonkhana pa kuwalako, anzake n'kuzinga ndi ukonde wa chilimira, ndipo kukamacha nsomba zili kale pa thandala. Ngwazi zathu zimanyoza njira yophweka chotere. Zimadzuka dzuwa litakwera, mutu ukuwawa, n'kukaponya mbedza masana dzuwa lili paliwombo, sipika ikugunda. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa msodzi wa ku Biwi kumatha botolo likatha. Mwamwayi m'miyala ya ku Likoma muli mbuna, tinsomba tokongola timene azungu amasunga m'magalasi m'nyumba zawo. Kamodzi kakalakwitsa n'kumeza mbedza, gulu lonse limajambulitsa nako mosinthana, aliyense atakatambasulira kufupi ndi foni kuti kaoneke konenepa.

Tsopano tafika pa chozizwitsa chimene ndimachikonda koposa zonse: nsomba ya pagalasi. Palibe minibasi ya asodziwa imene inabwerapo ku Lilongwe yopanda chambo cholendewera pa galasi loonera kumbuyo. Akatswiri amati chambo chimakonda madzi osaya a kummwera, cha ku Mangochi ndi ku Malombe, koma anzathuwa amachipeza ndithu, ndipo amachipezera pamsewu, pamene mnyamata amachikweza m'mwamba galimoto ikamadutsa. Chodabwitsa n'chakuti nsombayi ikafa m'pamene imayamba kukula. Pa Salima imakhala yogula. Pokwera mapiri a ku Mvera imakhala yoti tinachita kupatsidwa ndi mnzathu wa kunyanja. Pofika pa Chezi yagwidwa ndi mbedza ya msungichuma. Polowa mu Area 25 inalimbana ndi amuna atatu, inatsala pang'ono kugubuduza boti, ndipo mnzake wamkulu kuposa iyo anadula chingwe n'kuthawira ku Mozambique. Pakutha pa mwezi, pa bawo, inali yaitali ngati chitseko cha bafa.

Nyanja ya anthu amenewa ndi yachifundo. Usipa wake umatuluka m'madzi uli wouma kale, woyezedwa pa chigoba. Kampango wake amakodwa ali wowamba, wonunkhira utsi. Mayi a kunyumba amalandira katunduyo ndi manja awiri, n'kufunsa mofatsa kuti, "Bambo a mwana, mbedza yanuyo ili ndi ng'anjo yake?" Bambo amayankha kuti za kunyanja munthu wa kumtunda sangazimvetse.

Komatu tisamangoseka. N'chifukwa chiyani bambo wa ana ake amalolera kusanza tsiku lonse kuti abwere ndi nsomba zitatu? Pitani pa msika wa ku Chinsapo mukafunse mtengo wa chambo, mudzabwerako mutanyamula soya. Mulu wa bonya ukuchepa mwezi ndi mwezi, mtengo wake ukukwera. Ana obadwira mu mzinda uno ena akukula osadziwa fupa la chambo, m'dziko limene nyanja yake ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Masikito amene anaperekedwa kuti atiteteze ku malungo ena akukokolola tiana ta nsomba m'mphepete mwa nyanja. Nanga mabwana oyenera kuletsa zimenezi? Iwonso ndi asodzi a mtundu womwewu. Amapita ku hotela za kunyanja kukakambirana za kuteteza nsomba, amasainira alawansi, n'kubwerera ndi chambo pa galasi la galimoto ya ofesi. Za majekete opulumutsira anthu pamadzi ndiye musafunse. Boti lonyamula anthu odzaza limakhala ndi awiri, limodzi woyendetsa atalikhalira. Nyanja imeneyi inameza sitima ya Vipya mu 1946 pamodzi ndi anthu 145, ndipo sinasinthe khalidwe chifukwa choti wakwera ndi wapampando.

Koma ndisawononge mwambo. Atamandikenso msonkhano wa malipoti, umene umachitika pa malo omwera, pamene msungichuma amafotokoza kuti ndalama zotsala zinanyowa ndi mafunde. Pamakhala mnyamata mmodzi wophunzira masamu amene amawerengetsa kuti nsomba iliyonse yadya ndalama zokwanira kugula mbuzi, n'kupereka ganizo loti chaka chamawa gulu lingopita mu msika waukulu wa Lilongwe, ligule chambo, likaotchere kuseri kwa nyumba ya wapampando. Ameneyo amalipitsidwa chindapusa cha kreti imodzi chifukwa chonyoza masewera, ndipo akapitiriza amachotsedwa pa gulu.

Choncho inu achimwene a nyumba yoyandikana nane, amene mwayamba kale kuyanika malaya a chambo pa chingwe ndi kutidzutsa usiku ndi nkhani za mafunde: chaka chatha fungo lokha ndi limene linadumpha mpanda. Chaka chino ndalama ndikupatsirani pano. Mukandigwirire kampango mmodzi ndi mbedza yanu yotchukayo, akhale wowamba bwino, ndipo mukanenerere mtengo.