Mtsamiro wa Thumba, Nduna Yaikulu ya M'zimbowera

Mtsamiro wa thumba ndi chipangizo chimene msodzi wa pa Nyanja ya Chilwa amagonekapo mutu usiku, ndipo pa katundu yense amene amakwezedwa m'mabwato pa doko la Kachulu, m'boma la Zomba, palibe wina wogwira ntchito yaikulu chotere popanda womuthokoza. Bwato limapatsidwa dzina, khoka limasokedwa ndi kuyanikidwa, koma mtsamiro amangouponya pakona. Chonsecho matemba aliwonse amene amafika mumsika wa Zomba kapena wa Limbe anawavuula ndi munthu amene anayamba wagona kaye, ndipo mutu wake sunali m'malere.

Kwawo kwenikweni kwa mtsamirowu ndi m'zimbowera, timisasa toyandama timene asodzi amamanga pa njedza pakati pa madzi, kumene amakhala milungu kapena miyezi osaponda kumtunda. Wopita kumeneko amawerengera kulemera kwa chilichonse, popeza ufa, mchere, nkhuni, poto ndi maukonde zonse zimalimbirana malo m'bwato limodzi. Pilo wa m'sitolo sangaloledwe pa ulendo wotere. Ndi wamkulu, amamwa madzi osauma, ndiponso amachititsa anzako kuganiza kuti uli ndi ndalama zobwereketsa. Mtsamiro wa thumba umapindika n'kulowa m'khwapa, ndipo sunayambe wachititsa munthu aliyense kupemphedwa ngongole.

Kapangidwe kake kamayamba ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50. Chiyambire ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo mu 2005, akatswiri akhala akutsutsana ngati chimanga chinachulukadi monga mmene ankanenera, koma palibe amene amakana kuti matumba anachuluka. Feteleza amatha ndi mvula imodzi, pomwe thumba limatumikira zaka. Wopanga amayamba walichapa bwino, chifukwa zotsalira za yureya zimayabwa patsaya, kenako amalidula pakati n'kutenga theka la kunsi, limene lili kale ndi msoko wa ku fakitale. Singano yake ndi sipoko ya njinga yonoledwa pamwala, ndipo ulusi umachokera ku ukonde wakale. Pakamwa pa thumba ena amasokeratu, koma odziwa bwino amangomangapo ndi kachingwe kuti azitha kumasula. Pamwamba amakulungapo chitenje chakutha, kawirikawiri chija chimene mayi a kunyumba analengeza kuti sichingaonekenso pagulu.

Nkhani yoikamo m'kati ndiyo imagawanitsa anthu. Alipo okonda mankhusu a mpunga, amene sasowa kufupi ndi masikimu a Likangala ndi Domasi. Mankhusu amatsata mmene mutu ulili ndipo satentha, koma amakopa makoswe, choncho mwini wake sagona yekha. Ena amafuna usufu, wofewa ndi wopepuka, ngakhale mitengo yake siili paliponse. Chimene chili pafupi kwambiri ndi ubweya wa njedza, uja umatuluka ngala yofiirira ikakhwima n'kuphulika. Umenewu usapeputsidwe ayi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Japan italanda chilumba cha Java mu 1942 n'kutseka njira ya usufu, dziko la America linayamba kuika ubweya wa chomera cha mtundu womwewu m'majekete oyandamitsa anthu pamadzi. Choncho msodzi wa ku Kachulu amatha kutsamira zimene asilikali a dziko lolemera anazifunafuna pa nthawi ya mavuto, ndipo iye amangothyola ali m'bwato. Vuto lake n'lakuti ubweyawu umapeza kabowo kalikonse, ndipo wogonapo amadzuka ali ndi imvi zimene sanagone nazo.

Gulu lalikulu koposa silivutika ndi zonsezi. Limangolongamo zovala: malaya a kutchalitchi, buluku lopitira kumudzi, juzi ya pa kaunjika yodikira mphepo ya mu June. Apa mpamene mtsamiro umaonetsa ukulu wake wonse, pakuti umakhala sutikesi masana, pilo usiku, ndi banki nthawi zonse. Ndalama za matemba zimakulungidwa m'kajumbo n'kulowetsedwa pakati pa zovalazo, pamodzi ndi foni ndi chiphaso. Banki imeneyi siidula chiwongoladzanja, ilibe mzere, netiweki yake siigwa, ndipo wakuba ayenera kuyamba wanyamula mutu wa mwini wake asanafike pa chuma.

Onyoza amatchula zilema zitatu, ndipo zonse n'zabwino zimene sanazimvetse. Amati umachita phokoso. N'zoona, thumba limalira khwakhwa munthu akangotembenuka, koma msodzi amene ayenera kukaona miono yake kusanache safunika tulo tofa nato, ndipo wotchi imeneyi siifuna mabatire. Amati umanunkha. Pakatha mwezi umakhala utasonkhanitsa utsi wowambira milamba, thukuta ndi chinyezi cha madzi amchere a Chilwa, nyanja imene imalandira Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe koma osatulutsa mtsinje ndi umodzi womwe. Mtsamironso umatero, umalandira zonse osabweza kanthu. Phindu lake n'lakuti palibe amene amaubwereka. Chilema chachitatu ndi nsikidzi, zimene zimakonda misoko yake. Apa ngakhale woukonda amavomereza kuti alendowo amapyola muyeso, koma mankhwala ake ndi aulere: kukhutula zonse, kuyanika thumba padenga la chimbowera dzuwa lili paliwombo, n'kulikung'untha ndi nkhafi.

Mbiri ya mtsamiro wa paulendo ndi yakale ndiponso yolemekezeka. Buku la Genesis limasimba kuti Yakobo, pothawa m'bale wake Esau, anatsamira mwala pa Beteli, ndipo n'zosadabwitsa kuti analota zachilendo. Mu Marko chaputala 4, Yesu akupezeka ali mtulo pa mtsamiro kumbuyo kwa ngalawa namondwe ali m'kati, umboni wakuti chipangizochi chinalowa m'bwato la asodzi kalekale ndipo chinagwira ntchito yake mafunde akugavira. David Livingstone anafika pa Chilwa mu April 1859, ndipo azungu amene anabwera pambuyo pake ankayenda atagona m'machila, amuna a kuno atawasenza pamapewa. Wonyamulidwayo anali ndi potsamira pofewa. Onyamulawo akafika pogona ankapinda mkono, umene ndiwo kholo la mitsamiro yonse ndipo umachita dzanzi pakati pa usiku.

Masiku ano alendo okwera phiri la Mulanje, kulinga ku Sapitwa pa mamita 3,002, kapena omanga machila awo pakati pa mitengo pa phiri la Zomba, amanyamula timapilo topopa ndi pakamwa, togulidwa ndi ndalama zakunja. Ndi topepukadi, koma munga umodzi umatithetsa ntchito, ndipo mwini wake amadzuka mutu uli pansi. Mtsamiro wa thumba ukabooka umangosokedwa, ndipo chigamba chimauwonjezera mphamvu. Alendo ena ozindikira amalonga zovala zawo m'kathumba n'kutsamira, poganiza kuti atulukira nzeru yatsopano.

Kukhulupirika kwake kumaoneka bwino nyanja ikaphwa, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Pa nthawi zotere mabwato amatsala atakhazikika pamatope ong'aluka, njira ya ku chilumba cha Chisi imasanduka ya miyendo ndi njinga, ndipo asodzi ambiri amasamukira ku nyanja zina monga Chiuta ndi Malombe. Bwato silingawatsatire, chimbowera sichingawatsatire, koma mtsamiro umamangidwa pa kaliyala n'kupita nawo. Ukakalamba kufikira ulusi wake kuyoyoka, zoikamo zimasamutsidwira m'thumba lina, ndipo lakalelo limang'ambidwa n'kukhala zingwe zomangira mitolo ya nsomba zouma kapena zotsekera ming'alu ya bwato.