Mpanda Wathu, Simenti Yanu

M'tauni muli masamu ena osaphunzitsidwa kusukulu. Puloti ili ndi mbali zinayi, koma munthu wochenjera amamanga mbali imodzi yokha, ya kumsewu. Zitatu zinazo amadikira kuti aneba amumangire. Ndiye mukamayenda ku Area 49 ku Lilongwe kapena ku Machinjiri ku Blantyre n'kuona nyumba ziwiri zatha zaka popanda mpanda pakati, musamati eni akewo amakondana. Akupimana mtima kuti ayambe kutopa ndani.

Woyamba kutopa amakhala amene waberedwa. Abwana a m'nkhani yathuyi anawabera batire la galimoto, mabulangete awiri pachingwe ndi mbaula yomwe inali isanazizire n'komwe. Mayi a m'nyumba anangonena mawu amodzi: “Bambo, mpanda.” Madzulo ake abwana anavala malaya abwino kupita kwa aneba.

Nkhani ya ndalama sathamangira. Analonjerana, kufunsana za ana, kudandaula za mvula, kukambirana za Bullets ndi Wanderers mpaka tiyi kuzizira. Kenako abwana anakhosomola.

“Aneba, ndimati tithandizane pa mpanda wa pakatipa.”

“Ganizo labwino zedi, achimwene! Inetu ndinaliganiza kalekale. Kungoti mwezi uno ndi wa fizi.”

Mwezi wotsatira unali wa feteleza. Winawo kunagwa maliro kumudzi. Winanso kunali chinkhoswe cha mwana wa alamu awo. Pa kalendala ya aneba pali miyezi khumi ndi iwiri, koma wa simenti palibe.

Abwana anangoti basi, ndimanga ndekha. Tsiku limene mmisiri anakoka chingwe cha maziko, aneba omwe aja, amene amasowa nthawi, anatulukira ali ndi vesiti ndi patapata, manja kumbuyo.

“Pepani, bikoni sinali apa. Inali apo.”

Bikoni ya m'tauni ndi kachipilala ka konkire kopanda miyendo, koma usiku imayenda. Chodabwitsa n'choti imayenda molowera kwa mnzako nthawi zonse, sinayambe yasocherapo kulowera kwa mwini wake. Anatulutsa mapepala, anaitana amfumu a m'dera, wina anaopseza kuti akatenga opima malo kukhonsolo. Mkangano wonsewo unali wa kadera kotalika ngati phazi la munthu, kungoti pa kaderako panali mtengo wa mango. Anagwirizana kuti thunthu likhale kwa aneba. Masamba ouma okha ndi amene amagwera kwa abwana mpaka lero.

Tsono mmisiri. Iyeyu anayang'ana kumwamba, kuwerenga ndi zala, n'kunena kuti matumba 40 a simenti akwana. Mpanda usanafike m'chiuno anati akufunika ena 20. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amisiri ali ndi yankho limodzi pa funso lililonse: “Bwana, zinthu zakwera.” Mukafunsa kuti mchenga watha bwanji, zinthu zakwera. Mukafunsa kuti dakaboyi sanabwere chifukwa chiyani, zinthu zakwera. Sabata yomweyo khonde la aneba linaoneka lazilidwa mwatsopano, losalala bwino. Sitikunena kanthu. Tikungoti linali losalala.

Panalinso nkhani ya njerwa. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo kuchokera pamenepo mabuloko a simenti asanduka chizindikiro cha munthu wozindikira. Abwana anamanga mabuloko kumsewu, kumene anthu amaona. Kuseri ndi pakati anaika njerwa zootcha zotsika mtengo, zija zimanyenyeka ukaziyang'ana mwaukali.

Pa chinthu chimodzi chokha mmisiri ananena zoona. Anati mpanda wautali umafuna zipilala pafupipafupi, komanso timabowo m'munsi toti madzi a mvula azidutsa, chifukwa puloti ya abwana ili kumtunda ndipo madzi onse amatsikira kwa aneba. Abwana anakwiya.

“Mabowo? Ndikumanga mpanda kapena sefa? Ufuna azindisuzumira?”

Mmisiri anati chabwino bwana, n'kutseka paliponse.

Pamwamba anathirapo mabotolo oswa. Atamva kuti a ku Area 10 ndi ku Nyambadwe anasiya kalekale zamabotolo, anawonjezera waya waminga. Pageti anapachika chikwangwani choti chenjerani ndi agalu, chikhalirecho galu wawo ndi mmodzi, wokalamba, amene akaona mlendo amagona chagada kuti amukande pamimba. Kunja analemba ndi penti yofiira kuti osakodza pano, faindi K5,000. Anyamata a kabaza amaima pomwepo chifukwa ndi pamene pali mthunzi, ndipo khomalo m'munsi mwake lasintha kale mtundu.

Akuba sitikudziwa ngati analeka. Amene analeka ndi alendo. “Odi” samveka kudutsa khoma lotalika choncho, ndiye munthu amatola mwala n'kumagogoda geti mpaka dzanja kuwawa. Pakapita nthawi kachitseko kakang'ono ka pageti kamatseguka, diso limodzi n'kutulukira.

“Adadi akuti kulibe.”

Malume ochokera ku Ntcheu, amene kale amangofika n'kukhala pakhonde ndi thumba lawo la mbatata, tsopano amayamba agula mayunitsi kuti aimbe foni: “Ndili pageti.” Foni ikapanda kuyankhidwa, amakhala pa thumba lomwelo kudikira. Mayi a m'nyumba nawo anazindikira mochedwa kuti kukapempha kamchere kwa aneba, komwe kunali kungotambasula dzanja, tsopano n'kutsegula loko, kuzungulira kumsewu, n'kukagogoda ngati mlendo.

Abwana anapaka pulasitala ndi penti mbali yawo yokha, kuti aneba aziona njerwa zosapaka ndi kuchita manyazi. Aneba manyazi sanachite. Anakhoma misomali n'kumangirira chingwe choyanikira zovala. Anatsamiritsa khola la nkhuku, kupulumutsa khoma limodzi lathunthu. Anayambanso kuyeza malo a boyizikota. Alendo akabwera amawaonetsa monyadira: “Uwu ndi mpanda wathu, tamanga chaka chathachi. Zinthu zakwera, koma tinalimba mtima.”

Mu Januwale mvula inagwa usiku wonse. Madzi anasonkhana kumbali ya abwana, kufunafuna bowo osalipeza, mpaka chakum'bandakucha kunamveka chiphokoso. Kutacha, abwana anapeza kuti akutha kuona bwinobwino mpaka kukhitchini kwa aneba. Aneba anali ataima pa mulu wa njerwa, vesiti yomwe ija, m'manja muli nkhuku ziwiri zakufa.

“Achimwene, mwadzuka bwanji? Mpanda wanu wandiphera nkhuku. Zinali zoikira.”

Kumbuyo kwawo ana anali atayamba kale kutola njerwa zosasweka n'kumaziika mu wilibala, poti zagwera mbali yawo ya bikoni.