Ulemu kwa a Pandoc, mfumu yosabweza moni

Ena amatamanda mapulogalamu a mabatani owala, aja ongowatsegula ayamba kale kukusekerera. Ine m'manja ndimaombera a Pandoc. Awa alibe batani ngakhale limodzi, ndipo wofuna kuonana nawo amatsegula kawindo kakuda kotchedwa terminal, mmene kamzere kophethira kamamudikira kali duu. Ukalemba pandoc buku.md -o buku.docx n'kudina Enter, kumangoti zii. Ntchito yatheka, koma sakuuza. Ndi mwambo wakale wa Unix umenewo: zikayenda bwino, pakamwa tseka. Wantchito wina akanalengeza ofesi yonse imve. Awa amangoika fayilo pamalo pake, basi.

Ndi obadwa bwinonso. Anawapanga ndi John MacFarlane, mphunzitsi wa filosofi pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo anatuluka koyamba mu 2006. Anawalemba mu Haskell, chilankhulo cha makompyuta chimene akatswiri ambiri amachipatsa ulemu ataima patali. Nzeru yake ndi ya munthu wa filosofi ndithu, yakuti chikalata chilichonse, kaya cha Word, HTML, EPUB kapena LaTeX, mkati mwake ndi chimodzimodzi: mitu, ndime, mindandanda, matebulo. Choncho a Pandoc ali ngati chigayo. Amayamba akonola chikalata chako, kusunga chimene iwo aona kuti ndi chakudya, kenako n'kuchitulutsa mu mtundu umene wapempha. Zilembo zokhotakhota zimene unasankha mwachikondi, malire a tsamba amene unayeza, mutu uja unaupaka wobiriwira, zonsezo kwa iwo ndi gaga. Ndani winanso muofesi angakuuze mosapsatira chonchi kuti theka la khama lako linali kudzikongoletsa?

Chakudya chawo cha pamtima ndi Markdown, kalembedwe kamene John Gruber anatulutsa mu 2004 mothandizana ndi Aaron Swartz. Amati n'kosavuta, ndipo sanama: chizindikiro cha # ndi mutu, kanyenyezi uku ndi uku kamapendeketsa mawu. Koma apa mpamene a Pandoc amaphunzitsa munthu kuopa zosaoneka. Mipata iwiri kumapeto kwa mzere, imene diso silingaione, imadula mzerewo. Mipata inayi kumayambiriro imasandutsa ndime yako yonse kukhala code. Ukaiwala kusiya mzere wopanda kanthu pamwamba pa mndandanda, masitepe asanu a malangizo aja amakumbatirana n'kukhala chiganizo chimodzi chachitali, tinyenyezi tili mbwee pakati. Wowerenga amene amafuna kudziwa chodina choyamba aona yekha chochita. Ndipo poti Gruber sanalongosole malamulo onse, pulogalamu iliyonse inkamasulira mwa iyo yokha, mpaka mu 2014 MacFarlane yemweyo ndi anzake anayambitsa CommonMark kuti pakhale chimodzi. Zotsatira zake, mitundu ya Markdown inawonjezekera ndi umodzi, ndipo a Pandoc, mwa kukoma mtima, amaiwerenga yakale ndi yatsopano yomwe. Matebulo okha, mu Markdown yawoyawo, ali ndi njira zinayi zowalembera, kuti aliyense apeze yake yolakwira.

Ufumu wawo umaonekera bwino ukapempha PDF. Mfumu sigwira yokha ntchito yotere. Imatuma pdflatex, mdzukulu wa TeX amene Donald Knuth anatulutsa koyamba mu 1978. Ngati mtumikiyo mulibe m'kompyuta, apo ndiye a Pandoc amatsegula pakamwa, mwachidule, kukuuza kuti sanamupeze. Ukapita kukamutenga mu TeX Live yathunthu, ndi magigabayiti angapo, bandulo ya intaneti n'kuthera pomwepo, chonsecho umafuna masamba atatu ofotokoza kalumikizidwe ka printa. Mtumiki akafika, ali ndi miyambo yakenso. Kankhope komwetulira kamodzi, kaja timatumizirana pa WhatsApp, kakalowerera m'chikalata, ntchito yonse imaima. Ukasintha n'kulemba --pdf-engine=xelatex, PDF imatuluka, kungoti pamene panali kankhope paja nthawi zambiri sipaonekanso kumwetulira kulikonse. Bukhu la malangizo si malo osekerera, ndipo iwo anazindikira zimenezi ife tisanazindikire.

Nanga kuona mmene tsamba lionekere usanalitumize? A Pandoc saonetsa munthu chilichonse. Umasandutsa fayilo kukhala HTML, n'kuitsegula wekha mu Firefox kapena Chrome. Ukaiwala -s amakupatsa thunthu lokha la tsamba, lopanda mutu ndi zovala. Wakonza chilembo chimodzi, bwerera kukawindo kakuda, dina muvi wolozera m'mwamba kuti lamulo lija libwerenso, Enter, thamangira ku Firefox, F5. Ochenjera amayatsa python3 -m http.server n'kumasuzumira pa localhost:8000, koma kuyenda uku ndi uku sikutha. Phindu lake n'lakuti pofika madzulo chikalata chija wachiwerenga kambirimbiri, mwina kuposa onse amene unawalembera.

Wofuna kudziwa malamulo awo onse ali nalo bukhu lalitali lotchedwa MANUAL.txt. Linalembedwa mu Markdown, ndipo amene amalisandutsa kukhala tsamba la pa intaneti ndi a Pandoc omwewo. Lawolo limatuluka bwinobwino.