Liwiro la 7,000 kwa munthu wa chala chimodzi

Titagawana za banki m'khonde, ndinanyamuka wa ku Limbe kukagula laputopu. M'mutu mwanga nkhani inali imodzi yokha: yakuda kapena yasiliva.

"Madala, SSD mukufuna iti? SATA kapena NVMe?" anafunsa mnyamata wa m'sitolo.

"Zonse ndi zabwino," ndinatero. Yankho limeneli landipulumutsa zaka zambiri mayi akunyumba akamandifunsa za zitenje, koma apa silinagwire.

Mnyamatayo anayamba ulaliki. SSD, akuti, ndiye mosungira zinthu mu kompyuta, ndipo mulibe chozungulira monga mu hard disk yakale ija yomveka kirikiri ikamasaka fayilo. Ya SATA imathamanga ma MB pafupifupi 550 pa sekondi. Kenako anatulutsa m'kabati kachitsulo kopyapyala, 22mm m'lifupi ndi 80mm m'litali, nkukagwira ndi zala ziwiri mwaulemu. Aka ndi M.2 2280. Kakakhala ka NVMe kamafika 3,500 pa PCIe 3.0, ndipo pa PCIe 4.0 kamagunda 7,000. Koma chenjerani, anatero, pali ka M.2 kena kofanana nako maonekedwe koma m'kati kali SATA.

Nditamva 7,000 mtima unadumpha. Ine amene! Ine mlembi wa komiti ya kumpingo, wolemba maminitsi ndi chala chimodzi, wofufuza chilembo cha W mpaka tiyi kuzizira. Fayilo yanga yaikulu ndi mndandanda wa amene sanapereke ya malata. Ngakhale SATA yomwe akuinyozayo imatsegula mndandandawo ndisanapeze magalasi.

Pomwe pali nkhani yeniyeni ndi pa kukula kwake. Panali laputopu ina yotchipa mokoma, ya 64GB, ndipo dzanja langa linali litalowa kale m'thumba. Mphwanga, amene ndinamuimbira mobisa nditatembenukira kukhoma, anakuwa pafoni: "Malume, musakhudze! Imeneyo ndi eMMC, ndi yomatirira, simungasinthe." Windows 11 payokha imafuna malo osachepera 64GB omwewo. Ndiye kuti mwininyumba wadzaza nyumba yonse, ine ndigone pakhonde ndi maminitsi anga.

Nanga 256GB? Mukayatsa, Windows imakuonetsani 238GB. Ya 512GB imasanduka 476GB, ya 1TB imakhala 931GB. Ndinamuyang'ana mnyamatayo monga ndimayang'anira venda wa chimanga amene sikelo yake imati thumba la 50kg ndi 46. Iye anaseka. Palibe wakuba, akuti: opanga amawerenga 1,000 pomwe Windows imawerenga 1,024. Chabwino, koma bwanji masamu oterewa sapindulira wogula ngakhale tsiku limodzi?

Tsono 238GB imamveka yambiri kwa munthu wopanda abale. Ine ndili nawo. Kanema wa ukwati wa mlamu wanga, amene wojambula sanadule ngakhale pelekanipelekani, ayenera kulowamo. Nyimbo za kwaya zilowemo. Zithunzi za pa WhatsApp, kuphatikizapo maluwa a "mwadzuka bwanji" ochokera kwa azakhali, mayi akunyumba salola kufufuta. Ana nawo akudikira ndi mafilimu awo. Ndipo SSD ikadzaza mpaka pakhosi imayamba ulesi, liwiro lonse lija nkungotsala pa katoni.

Ndinatenga ya 512GB, NVMe ya PCIe 3.0, yochotseka ndi sikuludiraiva, kuti mlamu wina akadzakwatira ndidzaikemo ya 1TB. Mnyamatayo anandiyang'ana mwachisoni poona kuti 7,000 ndaisiya, koma ndalama analandira.

Inu mukapita kogula, musachite manyazi ndi anyamata a chizungu chothamanga. Funsani kuti SSD yakeyo ndi yochotseka kapena yomatirira, chifukwa ma MacBook amakono ndi malaputopu ena opyapyala sasinthika. Mukatero werengani abale anu, ndipo ngati apitirira asanu, 256GB isiyeni pashelefu.